Fulashi ya Emelda

"Kanayi, amayi! Mwandiimbira kanayi! Ndinakuuzani m'mawa muja kuti lero foni yanga isalire ngakhale nyumba itapsa."

Emelda analankhula ali chiimire pakhomo, laputopu ili kukhwapa, nsapato zitalemera ndi matope ofiira a m'munda wa tiyi. Amayi ake, omwe mudzi wonse unkawatchula kuti amake Ronald, sanatembenuke n'komwe. Anapitiriza kusankha nthochi zakupsa zopita nazo kumsika wa pa Muloza.

"Nanga foni anaipangira chiyani ngati si kuimbirana? Mlongo wako amafuna malaya ake oyera aja. Ine ndingadziwe kumene unayanika?"

"Malaya! Zimene ndimakopera pa intaneti zinali pa 91 peresenti, amayi. Kuyambira 8 koloko ndili pamwala paja chiperoni chikundimenya, zinangotsala pang'ono kuti zithe. Mukaimba foni intaneti imaduka, ndipo ikaduka zonse zimayambiranso pa ziro. Ndikuuzeni m'chinenero chanji kuti mumve? M'Chilomwe?"

"Undiuze m'chinenero cha ulemu," anayankha amayiwo uku akununkhiza nthochi ina. "Sukulu ija inakuphunzitsa kukalipira amako eti?"

Chimene chinkamupsetsa mtima mtsikanayu chinali ichi. Bungwe lina la ku Blantyre linasankha achinyamata makumi awiri m'boma la Mulanje kuti liwaphunzitse kupanga mapulogalamu a m'mafoni, ndipo aliyense linamubwereka laputopu. Koma maphunziro asanayambe panali mayeso. Munthu aike yekha m'laputopumo mapulogalamu onse ogwirira ntchitoyo, apange kapulogalamu kakang'ono koonetsa dzina lake, atumize chithunzi chake isanakwane 4 koloko ya Loweruka lachitatu. Wolephera abweze laputopu, ipite kwa wina amene akudikira pamndandanda.

Amene analemba malamulowo ayenera kuti anali mu ofesi momwe intaneti imatuluka ngati madzi apampopi. Sankadziwa kuti kwawo kwa Emelda, m'mbali mwa malire, foni ikatopa ndi netiweki ya kuno imangothawira ku ya ku Mozambique, bandulo yako n'kusanduka yopanda ntchito. Malo okhawo amene netiweki ya kuno inkagwirako anali pamwala waukulu pamwamba pa munda wa tiyi, ulendo wa mphindi makumi anayi wokwera phiri. Ukafika pamenepo unkayenera kuimika foni pachitsa, osaigwedeza, n'kumayang'ana kamzere kobiriwira kakukwawa ngati nkhono. Pulogalamu yaikulu mwa onsewo Emelda anali atayambapo kuikopera kasanu.

Ronald, mchimwene wake wamkulu, anatuluka m'nyumba akumanga mabatani a malaya oyera aja. Anali atawapeza yekha, pachingwe pomwe malaya onse amayanikidwa. Ntchito yake inali yoimba nyimbo m'maukwati ndi m'zinkhoswe ndi masipika obwereka, ndipo zaka zonsezi nyimbozo ankaziimbira pa foni yake. Koma chibwerere laputopu pakhomopo, foni ija inayamba kumuchititsa manyazi.

"Phokoso n'lachiyani? Iwe Emelda, laputopu yathuyo ndiitenga Lachisanu. Ndili ndi chinkhoswe ku Vila, ku Mozambique uko. Ndidzabweza Lolemba."

"Yathu ndi ndani, achimwene? Si yanga n'komwe, ndi ya bungwe. Ndinasainira kuti sindidzabwereketsa munthu."

"Munthu? Ine ndasanduka munthu lero?" Ronald anaseka, n'kuyang'ana kwa amayi awo. "Mukumva? Anakupatsa uli pakhomo pa ndani? Chimwalirire amalume, mwini mbumba pano ndani? Tsiku lomwe mwamuna adzabwere kudzakufunsira, adzagogoda kwa bungwe lakolo?"

"Za ukwati zalowa bwanji pa nkhani ya laputopu?"

"Zalowa chifukwa cholowa pakhomo pano chimadzera kwa mlongo wako," anatero amake Ronald. "Komanso iyeyu akapita nayo amabwerako ndi shuga, ndi sopo. Iwe kumwala kwakoko umabwerako ndi chiyani? Chimfine."

"Ndikapambana mayesowa andiphunzitsa miyezi isanu ndi umodzi, amayi. Pambuyo pake pali ntchito. Ntchito yeniyeni, yosadikira mvula kuti tiyi aphuke."

"Ntchito yokhala pamwala? Azimayi akumjigo ayamba kale kundifunsa kuti mwana wanu amakadikira ndani kumtunda kuja tsiku lonse. Ndiziwayankha kuti akudikira 91?"

Emelda analowa m'nyumba. Anabisa laputopu pansi pa thumba la chimanga. Kubisa kwake kunali kotaya nthawi, chifukwa m'nyumba ya zipinda ziwiri mulibe malo amene mayi wa nyumbayo sawadziwa. Lachisanu pobwera kumjigo anapeza thumba lasunthidwa, laputopu yawoloka malire.

Loweruka analandira foni kuchokera kwa Sharon, mnzake wa pa Chitakale amene anasankhidwa naye limodzi.

"Aise, leka kuzunzika. Amalume anga abwera kuchokera ku Blantyre ndi zonse pa fulashi. Zanga zatheka kale, sizinafune intaneti ngakhale pang'ono. Bwera ndi laputopu tingoika pompano."

"Laputopu ikuvinitsa anthu ku Vila."

"Ati chiyani?"

"Usandifunse, mutu ungandiwawe. Ibwera Lolemba."

"Ndiye ufulumire, ine Lachiwiri ndikupita ku Zomba, achemwali ali pafupi kuchira ndipo ndikakhalitsa."

Lolemba linafika, Ronald osaoneka. Emelda anadikira mpaka dzuwa linafika pamutu, kenako anatenga fulashi yake yofiira, yomangidwa kachingwe ka ulusi, n'kukwera minibasi ya ku Chitakale. Anakhala pakhonde la golosale ya makolo a Sharon, akuonerera mafayilo akusamuka kuchoka mu laputopu ya Sharon kulowa mu fulashi yake mwaliwiro lomwe linamukhetsa misozi ya mkwiyo. Zimene anazikwerera phiri masiku angapo zinatha iye asanamalize kudya chinangwa chokazinga.

"Muli mafoda atatu," Sharon anamufotokozera. "Uyambe ndi yoyambayi, ikatha yachiwiri, kenako iyi. Usasokoneze. Mayina akewa asakuopse, amangooneka ngati nkhuku yayenda pa kiyibodi. Ukatsatira bwino, ola limodzi watha."

Emelda anabwerera kwawo mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba m'masiku ambiri. Fulashi anailowetsa m'chikwama cha buku la nyimbo za kutchalitchi, poganiza kuti Ronald ndi buku limenelo sanakumanepo chibatizidwire. Kumeneko analondola. Chimene anaiwala n'chakuti amayi ake anali pakhomo akusesa, ndipo ankasesa maso ali m'nyumba.

Ronald anabwera Lachitatu, masiku awiri mochedwa, Emelda ali pa Muloza kugulitsa nthochi chifukwa mwendo wa amayi ake unali utayamba kupweteka. Pofika madzulo Emelda anaona laputopu ili patebulo, yafumbi, pachivundikiro atamatapo kapepala ka dzina la Ronald. Sanafune n'komwe kukangana. Anathamangira kuchikwama chija, anakutumula buku, anakutumulanso, osagwa kanthu.

"Amayi, fulashi yanga yofiira ija?"

"Kachingwe kaja? Ndampatsa mlongo wako. Akuchikazi a ukwati wa Loweruka la sabata yamawa lija akufuna nyimbo zawo, ndiye wapita nako kwa Phillip wobena nyimbo uja. Abwera nako, sikadyedwa."

Emelda anakhala pansi pomwepo. Anali akadali pomwepo pamene Ronald analowa akuimba mluzu, n'kumuponyera fulashi pamiyendo. Emelda anailowetsa mu laputopu. Mafoda atatu aja munalibe. Munali nyimbo zokhazokha, zauzimu, za ku Mozambique, za ku Zambia, mpaka pansi.

"Undithokoze," anatero Ronald, akudziguguda pachifuwa. "Phillip wapezamo mavayilasi okhaokha. Mafayilo a mayina osawerengeka, ena osatseguka n'komwe. Nyimbo mulibe, filimu mulibe, chithunzi mulibe, koma fulashi yodzaza. Wati ukanangoiika mu laputopu yathuyi, bwenzi itapsa. Wafomata yonse bwinobwino."

"Wafomata."

"Yonse. Phillip amazitsata zimenezi, zaka zisanu ali pa kompyuta."

"Achimwene, amene aja sanali mavayilasi! Anali mapulogalamu anga! Ndinakawatenga ku Chitakale, ndipo amene anandipatsa ali ku Zomba pano. Munalephera kundifunsa? Munadutsa pamsika pomwepo, munandiona ndili padengu, mpaka munatengapo nthochi ziwiri!"

"Ndifunse iwe za fulashi? Iwe ukudziwa kuposa Phillip?"

"Eya, ndikudziwa! Pa zimenezi ndikudziwa kuposa Phillip, kuposa inu, kuposa mudzi wonse uno! N'chifukwa chake anasankha ine!"

"Mwamva, amayi? Laputopu sinathe n'komwe sabata ziwiri, mwana wayamba kale kutsuka akulu m'kamwa."

"Emelda, tsitsa mawu, anthu akumva," anatero amake Ronald. "Mlongo wako amafuna kukuthandiza. Ngati zafufutika, si uzilembanso? Zala uli nazo."

"Sizilembedwa ndi zala, amayi!"

"Ndiye zinalowamo bwanji?"

Emelda anawayang'ana amayi ake, anayang'ana mchimwene wake, n'kuona kuti onse awiri akudikiradi yankho, komanso kuti yankho lililonse limene angapereke lidzakhala umboni wa mwano wake. Anakwiya. Anatuluka n'kukakhala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi khola la mbuzi, poti mbuzi zinali zisanamufufutirepo kanthu.

Anatsala ndi masiku khumi. Sharon, pa foni kuchokera ku Zomba, anamulangiza kapulogalamu kena kakang'ono kamene intaneti ikaduka kamapitiriza pomwe yadukira, osayambiranso. Emelda anakapeza. Nambala ya amayi ake ndi ya Ronald anazitsekera kuti zisalowe. Laputopu anayamba kuibereka kumbuyo ndi chitenje kulikonse kumene akupita, kumjigo, kumsika, kwa wometa tsitsi wa pa Muloza komwe ankatchajitsa batire. Azimayi akumjigo anapeza choseka.

"Mwanayu mwamupatsa dzina, chemwali? Nanga bambo ake ndi aja a kumwala?"

Iye ankangopukusa mjigo. M'mawa uliwonse akatha ntchito zapakhomo ankakwera phiri, n'kufunda pepala lapulasitiki limodzi ndi laputopu, chiperoni chikuwaza. Tsiku lina kamzere kankayenda magawo khumi ndi asanu, tsiku lina atatu okha, tsiku lina foni inkangoti Mozambique, Mozambique, mpaka batire kutha. Anayamba kutsokomola. Amayi ake anati izo, ndinanena ine.

Lachinayi la sabata yomaliza kamzere kanafika kumapeto. Emelda anaimirira pamwala paja n'kukuwa yekha, othyola tiyi ochepa amene anali kumunsi n'kudzutsa mitu. Anaika pulogalamuyo, inatseguka, yokongola ngati ya Sharon. Kenako panatuluka uthenga woti kuti igwire ntchito ikufunika zigawo zina ziwiri, ndipo zigawozo zili pa intaneti. Anatukwana mawu amene sanawatchulepo chibadwire. Chigawo chimodzi anachimaliza tsiku lomwelo dzuwa likulowa. Lachisanu chifunga chinatseka phiri lonse, netiweki osaoneka ngakhale kadontho. Chinatsala chigawo chimodzi, ndi tsiku limodzi.

Loweruka kunacha ndi chifunga chomwecho. Emelda anadikira kuti chiyere, laputopu ili pamiyendo, Ronald akuzungulirazungulira pabwalo ngati galu wanunkhiza nyama. Cha m'ma 10 koloko dzuwa linaboola. Anati asambe msangamsanga anyamuke. Kubafa kokha n'kumene sakanalowa ndi laputopu, ndiye anawapatsa amayi ake m'manja.

"Amayi, mphindi zisanu zokha. Lero ndi tsiku lomaliza. Ndagwira mwendo wanu, musampatse."

"Kasambe, ukuyesa ndine mwana?"

Ali ndi sopo kumaso anamva njinga yamoto ikulira pabwalo. Anatuluka chitenje chili m'khwapa, madzi akuchucha, n'kungoona utsi ukuthera m'nthochi. Amayi ake anali pamkeka, manja ali pamiyendo, opanda kanthu.

"Mwampatsa."

"Anachita kundigwadira, mwana wamwamuna. Ukwati wake ndi wa mwana wa mkulu wa mpingo, anawalonjeza kale kuti abwera ndi kompyuta. Akakaoneka ndi kafoni, otukwanika ndi ife tonse."

"Ndinakuuzani kuti lero ndi lomaliza!"

"Lolemba kulibe? Uwauze abwana akowo kuti kunyumba kunali zochitika. Nawonso ali ndi abale."

"Ukwatiwo uli kuti?"

"Kuti ukatani? Ukamuchititse manyazi? Sindikudziwa."

Ankadziwa, koma anatseka pakamwa ngati chitseko cha nkhokwe. Emelda anavala, n'kuthamangira pa Muloza. Amene anamuuza anali Phillip yemwe uja, ali m'kabenchi kake kobenera nyimbo: ukwati uli pa Thuchila, muholo ya sukulu. Anawonjezanso, mwaulemu ndithu, kuti akadzapezanso mavayilasi azibwera nawo msanga. Emelda sanamuyankhe, chifukwa akanayankha akanagona kupolisi.

Minibasi ya pa Muloza inatenga ola ndi theka kuti idzaze. Ya pa Chitakale inadzaza, inanyamuka, n'kubwereranso pasiteji kudzatenga matumba a mbatata amene kondakitala anaiwala. Emelda ankangoyang'ana nthawi pa foni. Anatsika pa Thuchila nthawi itangotsala pang'ono kukwana 4 koloko, ndipo sanafunse njira, masipika a Ronald ankamveka kuchokera pamsewu.

Muholo munali pelekanipelekani. Akuchimuna anali pamzere akuvina kupita kutsogolo, mwini mwambo akukuwa pa maikolofoni. Ronald anali pakona, magalasi akuda ali kumaso, laputopu ataiika pamwamba pa sipika kuti aliyense aione. Emelda anadutsa pakati pa ovina, anafika patebulo, n'kuzula chingwe.

Nyimbo inaduka pakati pa mawu. Anthu anaima miyendo ili m'mwamba.

"Iwe, wapenga?" Ronald ananong'ona mano ali gwa. "Pamaso pa anthu?"

"Ndigwireni muone. Ndikuwa pompano kuti mwaba katundu wa bungwe."

"Mwana wa ndani wopanda mwamboyu?" anafunsa mayi wina wa nduwira yaikulu. Ena anayamba kuwowoza. Emelda anatseka laputopu, anaikumbatira, n'kutuluka pakhomo lakumbuyo osayang'ana munthu.

Anakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa holo, n'kuyatsa intaneti. Apa ndi pamene anafuna kulira kwenikweni. Netiweki ya pa Thuchila inali yodzaza mpaka pamwamba. Kamzere kaja, kamene kanamudwalitsa chifuwa pamwala, kanali kuthamanga. Koma nthawi nayo inali kuthamanga, ndipo 4 koloko inakwana kamzere kali pakati. Muholo nyimbo zinali zitayambiranso. Ronald anali atalumikiza foni yake, monga ankachitira zaka zonse zija, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anasiya kuvina chifukwa chosowa kompyuta.

Chigawo chomaliza chinalowa. Emelda analemba mizere imene anailoweza kalekale papepala, anadina, ndipo pakanema panatuluka chithunzi cha foni, pakati pake palembedwa kuti Emelda. Zinatheka ulendo woyamba womwewo, popanda cholakwika chilichonse. Anajambula, anatumiza. Yankho linabwera nthawi yomweyo, lolembedwa ndi makina: kulandira kunatsekedwa 4 koloko. Nthawi inali 4:38.

Anakhala pamenepo kanthawi, mango aang'ono osakhwima akugwa pambali pake. Kenako anatulutsa fulashi yofiira ija, anafufuta nyimbo zonse za Ronald, n'kukoperamo chilichonse chimene anachivutikira pamwala, m'mafoda atatu, monga anachitira Sharon.

Lachiwiri m'mawa panafika njinga yamoto ya bungwe. Wokwerapo anali bambo Morton, amene anabweretsa laputopuyo masabata atatu apitawo. Amake Ronald anayala mkeka, anatulutsa nthochi zabwino zimene sankapatsa ngakhale ana awo. Ronald, yemwe chichokere ku Thuchila sanalankhulepo ndi mlongo wake, anatuluka atavala malaya oyera aja.

Emelda anatsegula laputopu n'kuonetsa bambo Morton kapulogalamu kake. Iwo anakayang'ana, anadinadina, n'kupuma mozama.

"Zonse zili m'malo mwake, chemwali. Ena amene apambana sanaike bwino chonchi. Koma mndandanda umatsekedwa ku Blantyre, ine ndimangotumidwa. Ndinayesa kuwaimbira dzulo, akuti akalola mmodzi alola onse." Anavula chipewa n'kupukuta pamphumi. "Mwa atsikana asanu ndi mmodzi amene tinawapatsa, wapambana Sharon yekha. Ndikumangozungulira kulanda malaputopu, ndipo nyumba iliyonse ili ndi nkhani yake. Kuno chinachitika n'chiyani? Mphindi makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu zokha."

Emelda anayang'ana amayi ake. Anafuna kuona ngati angagwetse nkhope, ngakhale pang'ono chabe. Koma amayiwo anali atakonza kale chitenje, akusendera kufupi ndi mlendo.

"Bambo, mwanayu ndi wamakani, ndipo zinthu zake amachita mochedwa. Ife tinayesetsa kumulangiza. Masabata atatu amangokhala pamwala, mpaka kudwala. Ndiye ine ndimati ndipemphe." Anawomba m'manja mwaulemu. "Poti mtsikanayu zamukanika, bwanji chipangizochi chisachoke pakhomo pano? Mumpatse mlongo wakeyu. Iyeyu ndiye amachidziwa, wayenda nacho mpaka ku Vila, mpaka ku Thuchila. Anthu onse akuchitira umboni."

Ronald anagwedeza mutu, n'kukonza kolala.

Bambo Morton anayang'ana mayiwo, anayang'ana Ronald, anayang'ana kapepala ka dzina la Ronald kamene kanali kakadali pachivundikiro. Sanafunsenso chimene chinachitika. Anamatula kapepalako ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, n'kukaika pamkeka pafupi ndi nthochi.

"Sizitheka, mayi. Ili ndi mwini wake kale, akuidikira. Ndipo tiyenera kufufuta zonse zili m'katimu, nayenso akayambe yekha."

Emelda anakulunga chingwe chotchajira, anaika laputopu m'chikwama chake, n'kupereka ndi manja awiri. Kenako anavula kachingwe ka ulusi kamene kanali m'khosi mwake.

"Bambo Morton, malamulo amaletsa kulandira mapulogalamu pa fulashi?"

"Ayi, saletsa. Bola aike yekha."

"Ndiye mukampatse iyi. Muli mafoda atatu, ayambe ndi yoyamba, asasokoneze. Safunika kukwera phiri. Koma mukamuuze kuti asakaisiye m'nyumba, ngakhale m'buku la kutchalitchi. Azikaivala m'khosi, ndi kubafa komwe."

Bambo Morton analandira fulashiyo, n'kutsegula kabuku kawo kuti aone dzina.

"Ndikamuuza. Ndi mnyamata wina wa kufupi ndi pa Thuchila, dzina lake Kondwelani."

"Mnyamata?" Emelda anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Ndiye musavutike kumuuza. Angoisiya patebulo, palibe amene akaigwire."

Njinga yamoto inalira, n'kulowa m'nthochi. Ronald anatola kapepala ka dzina lake, anakayang'ana, n'kulowa m'nyumba akumenyetsa chitseko. Amake Ronald anasonkhanitsa nthochi zimene mlendo sanadye, n'kuzibwezera m'dengu.

"Chabwino, zatha, tipume," anatero. "Tsegula nambala yanga ija pa foni yakoyo. Ndikakufuna ndizikupeza."